Vitamini D ndi timu yathu ya mpira wamanja ku Chipata: zolemba za Meyi mpaka Sepitembala 2025

3 Meyi 2025

Madandaulo atatu akhala akubwerabwera m'timu yathu chilekereni mvula: miyendo kulemera, misongolo kuwawa, ndi kutopa kosachoka ngakhale munthu atagona bwino. Timuyi ndi ya amayi ndi atsikana akuluakulu 14, wamng'ono pa onse ali ndi zaka 19. Timakumana 17 koloko anthu akaweruka, pabwalo la simenti, ndipo Loweruka timathamanga m'bandakucha. Ambiri amagulitsa m'mashopu a ku Down Shops, ena amakhala m'timabuthi ta mobile money, awiri ali m'saluni, mmodzi ndi telala, ndipo mmodzi amagulitsa tomato panja ku msika wa Kapata. Ine ndine kochi wawo. Palibe amene amalipidwa.

Mlamu wanga, yemwe ndi namwino, ndiye anandifunsa funso lomwe layambitsa ntchito yonseyi: osewera anuwo dzuwa limawakhudza nthawi yanji? Titawerengera, tinapeza kuti ambiri amalowa m'shopu 7:30, kudya nkhomaliro mkati momwemo, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Thupi limapanga vitamini D pakhungu likawombedwa ndi mbali ina ya kuwala kwa dzuwa yotchedwa UVB, ndipo kuwala kumeneku kumakhala kochuluka dzuwa likakwera. La 17 koloko ndi la m'mawa kwambiri limafunditsa chabe. Vitaminiyu akapangidwa amadutsa m'chiwindi, kenako mu impso, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kasiyamu wolimbitsa mafupa. Minofu nayo imamufuna. Munthu amene wamusowa kwambiri amafooka ntchafu ndi m'chiuno, mpaka kuvutika kudzuka akanjuta.

Tagwirizana kuti tiyeze kaye tisanagule chilichonse chakumwa. M'thumba la timu muli K1,500 ya chilimba chathu, ndipo tipitiriza kusonkha K40 aliyense pa mwezi. Bambo wa mmodzi mwa osewera alonjeza K2,000.

10 Meyi

Zogula: tepi yoyezera ya amisiri K45, bokosi la choko K20, ndi kope lomwe ndinali nalo kale.

Mayeso oyamba ndi olumpha. Wosewera amaima cham'mbali pakhoma, kupaka choko ku zala, kutambasula mkono n'kudinda pomwe wafika mapazi ali pansi. Kenako amalumpha ali pomwepo, osathamangira, n'kudindanso. Kusiyana kwa zidindo ziwirizo ndiye kulumpha kwake. Khoma loyamba lomwe tinasankha linali la njerwa zosapaka pulasitala, ndipo choko sichinkaoneka bwino, komanso pansi pake panali potsetsereka moti wina ankaima pamwamba wina pansi. Tinasamukira kukhoma losalala kuseri kwa holo, pomwe pali khonde la simenti lolingana, ndipo onse anayambiranso. Aliyense analumpha katatu, n'kulemba kotalika. Ambiri agwera pakati pa masentimita 28 ndi 38.

Mayeso a liwiro atikanika. Tinayeza mamita 20, anthu awiri n'kugwira mafoni kuti atenge nthawi ya wothamanga mmodzi yemweyo. Manambala awo ankasiyana ndi kachigawo ka sekondi kokulirapo kuposa kusintha kulikonse komwe tingayembekezere m'miyezi itatu. Chala cha munthu sichingapime mtunda waufupi chonchi. Tawasiya. M'malo mwake taika mayeso odzuka pabenchi: kukhala ndi kuimirira mikono itapingasa pachifuwa, kuwerenga kangati m'masekondi 30. Amenewa amagwira ntchafu, malo omwe kusowa kwa vitamini D kumayambira kuoneka. Telala wathu ndiye anatsalira kwambiri, ndipo atamaliza anagwira m'chiuno n'kunena kuti, "A kochi, ndi momwemu ndikamadzuka pa makina."

21 Meyi

Kuyeza vitamini D m'magazi ndi kodula. Pa labu ina ya pulayiveti muno m'tauni anatiuza K700 munthu mmodzi, ndipo magaziwo amapita ku Lusaka. Onse 14 ikanakhala K9,800, ndalama yomwe timu ngati yathu siingaione. Tasankha atatu: telala uja, yemwe amasoka m'chipinda tsiku lonse ndiponso amavala zofunda thupi lonse monga mwa chipembedzo chake, mtsikana wa m'saluni amene amasewera pakati, yemwe misongolo ikumuwawa kuposa onse, ndi mayi wa tomato, yemwe amakhala padzuwa koma akudandaulanso kutopa. Wachitatuyu ndinamuikapo dala kuti tikhale ndi poyerekeza. Zonse K2,100.

Papepala lopempha mayeso payenera kulembedwa 25(OH)D. Ameneyu ndiye amaonetsa nkhokwe ya vitamini D m'thupi. Pali mayeso ena ofanana dzina, a 1,25, omwe amatha kuoneka abwinobwino munthu ali wosowa, choncho onetsetsani zomwe zalembedwa musanalipire.

Mlamu anaumirira kuti onse 14 apitenso ku kiliniki kukayezetsa kuchuluka kwa magazi ndi malungo, poti zimenezi n'zosafuna ndalama zambiri ndipo kutopa kwa akazi kuno nthawi zambiri kumachokera kumeneko. Ena anazengereza chifukwa cha mzere, koma pofika lero onse apita kupatula awiri omwe abwana awo sanawalole kutuluka.

6 Juni

Zotsatira zachedwa kuposa momwe anatilonjezera, koma zafika. Telala 11, wa m'saluni 17, mayi wa tomato 34.

Madzulo omwewo pagulu lathu la WhatsApp panali chipwirikiti. Wina anafufuza pafoni n'kupeza kuti mlingo wabwino ndi 50, ndiye onse atatu anaoneka ngati odwala, mayi wa tomato mpaka anandiimbira akunjenjemera mawu. Vuto linali la miyeso. Labu inalemba mu ng/mL, pomwe 50 uja ndi wa nmol/L. Kuti musinthe, chulukitsani ndi 2.5. Ndiye telala ali pa 27.5, wa m'saluni pa 42.5, mayi wa tomato pa 85. Bungwe la Institute of Medicine la ku America mu 2011 linati 50 nmol/L ndi wokwanira mafupa a anthu pafupifupi onse, ndipo pansi pa 30 ndi pomwe pali chiopsezo cha kusowa kwenikweni. Mwa atatu athu, mmodzi ndi wosowa, wina ndi wochepekedwa, wachitatu ali bwino kwambiri.

Tsono mayi wa tomato uja, yemwe vitamini D wake ndi wokwanira, ndiye amene magazi ake anapezeka otsika, 10.4 pa mayeso a kuchuluka kwa magazi a ku kiliniki aja, pomwe mkazi wosayembekezera ayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Osewera ena atatu nawo anapezeka pansi pa 12, ndipo mmodzi anali ndi malungo osadziwa. Tikanangogula mabotolo a vitamini D n'kugawa kwa onse, anthu asanu amenewa akanamwa miyezi itatu chinthu chosakhudza vuto lawo. Ndikulemba izi motsindika chifukwa makochi anzanga ena ayamba kale kundifunsa dzina la mapiritsi, pomwe choyamba kufunsa chikanakhala dzina la mayeso. Ku kiliniki awapatsa mapiritsi a ayironi ndi kuwauza kuti asamamwe tiyi pa nthawi ya chakudya, poti tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

Anthu ambiri amadabwa kuti munthu wa ku Chipata angasowe bwanji vitamini wa dzuwa. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'magazini ya zaumoyo ya Lancet Global Health mu 2020, wophatikiza zofufuza za m'maiko ambiri a mu Africa, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali pansi pa 50 nmol/L, ndipo vutoli linali lalikulu m'matauni kuposa kumidzi, komanso mwa akazi kuposa amuna. Kwinaku, ofufuza omwe anayeza Amasai ndi Ahadza a ku Tanzania, anthu okhala panja tsiku lonse, analemba mu 2012 kuti ali cha pa 115 nmol/L. Dzuwa la dera lathu ndi lokwanira. Chomwe chasintha ndi ntchito zomwe timagwira, ndipo khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange mlingo womwe khungu loyera limapanga msanga.

A clinical officer omwe anaona mapepalawa alembera telala 2,000 IU (IU ndi muyeso wa mavitamini) pa tsiku, wa m'saluni 1,000 IU. Tagula mabotolo atatu a vitamini D wa mtundu wa D3, mapiritsi 90 a 1,000 IU m'botolo lililonse, pa K220 limodzi, zonse K660. Amwedwe pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga nsima ya ndiwo zotendera, chifukwa vitaminiyu amasungunuka m'mafuta.

14 Juni

Kwa ena onse, mankhwala ndi dzuwa la masana. Lamulo lomwe tikutsata ndi losavuta: chithunzithunzi chako chikakhala chachifupi kuposa iwe mwini, dzuwalo likupanga vitamini D. Ndinaimika ndodo ya mita imodzi pabwalo kuti ndione. Ngakhale mwezi uno, pomwe dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo ndi lotsika kuposa miyezi yonse, 12 koloko chithunzithunzi chinali cha masentimita 75. Chimakhala chofupikira ndodo kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 13:30. Ola la nkhomaliro likugwera momwemo. Tinagwirizana mphindi 20 mpaka 30, mikono ndi miyendo kuyambira m'mawondo zili poyera, masiku ambiri pa sabata.

Papepala n'zophweka. Sabata yoyamba yasonyeza zina.

Kuzizira ndiye kwayamba. Juni wa ku Chipata, ndi kamphepo kotsika m'mapiri kaja, munthu savula juzi mwachisawawa. Atsikana ankatuluka ndithu, koma atavala juzi, chitenje mpaka m'mapazi ndi masokosi, nkhope yokha ili padzuwa. Khungu la nkhope ndi laling'ono kwambiri. Tapeza kuti kukhala kumbali ya khoma yoyang'ana kumpoto, komwe mphepo siifika, kumafunda moti munthu amapinda manja a juzi yekha popanda kumukumbutsa.

Wina wa m'shopu ya nsalu anandiuza mosangalala kuti iye savutika kutuluka, poti dzuwa limalowa pawindo lalikulu pomwe amakhala. Galasi limatchinga UVB. Amamva kufunda, koma khungu silipanga kanthu. Anakhumudwa, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa abwana ake salola kuti shopu itsale ndi munthu mmodzi. Takonza kuti azisinthana ndi mnzake wa shopu yoyandikana, wina akatuluka wina aziyang'anira makomo onse awiri. A m'timabuthi ta mobile money zawo zaphweka: angotulutsa mpando panja pa kabuthi makasitomala akachepa.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya khungu. Atsikana atatu anakana poyera, akuti akuda. Ndinadziwa kale kuti awiri mwa iwo amadzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo sindinafune kuwachititsa manyazi pagulu, choncho ndinalankhula nawo paokha. Khungu lodzoledwa mafuta amenewa limapsa msanga padzuwa ndipo limatha kuchita mabala akuda, motero kuwatumiza padzuwa la masana akudzolabe kukanakhala kuwavulaza. Mmodzi wavomera kusiya mafutawo kaye. Winayo wakana, ndipo sindimukakamiza. Iye azidalira chakudya. Zimandiwawa kuona mtsikana wamphamvu, wothamanga kuposa onse, akuopa mtundu wa khungu lomwe anabadwa nalo, koma zimenezi sizithera pabwalo la mpira.

Wosewera wina anafunsa ngati mng'ono wake wachialubino angachite nawo. Ayi ndithu. Kwa munthu wachialubino dzuwa la masana limabweretsa khansa ya pakhungu. Iye apitirize chipewa, zovala zazitali ndi mafuta oteteza, ndipo za vitamini D akakambirane ndi achipatala.

Telala wathu wapeza njira yake. Kwawo kuli mpanda wa njerwa, ndiye amapita kukadya kunyumba n'kukhala kuseri kwa mpanda ndi amayi ake, komwe angavule zofunda popanda womuona.

28 Juni

Chakudya chokhala ndi vitamini D wambiri ndi chochepa, ndipo ndi bwino kunena zimenezi mosabisa. Munthu wamkulu amafunika 600 IU pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi cha m'ma 40, ndipo yense ali mu chachikasu chija. Nsomba zamafuta ndizo zili ndi wochuluka, monga za m'chitini zija. Chiwindi chili ndi pang'ono. Bowa woyanikidwa padzuwa amapanga mtundu wina wa vitaminiyu, D2, ndiye amene anafutsa bowa wa m'dzinja asamuone ngati ndiwo ya osauka. Majarini ena amathiramo A ndi D, werengani pa chikutiro. Mmodzi anati shuga wathu ali kale ndi mavitamini. Ndi zoona kuti shuga wa m'Zambia amathiramo vitamini kuyambira 1998, koma ndi vitamini A.

Tayamba kugula thireyi ya mazira Loweruka lililonse, K85, kuwiritsa n'kudya tikamaliza kuthamanga. Kapenta ndamulimbikitsa pa chifukwa china: amadyedwa ndi minga yomwe, ndiye amapereka kasiyamu, ndipo vitamini D popanda kasiyamu m'mbale alibe choti alowetse m'mafupa. Pofunsa za ndiwo ndinazindikiranso kuti atsikana anayi amafika pabwalo 17 koloko atadya chitumbuwa chimodzi ndi tiyi kuyambira m'mawa.

9 Julayi

Chinthu choopsa chachitika, ndipo ndikuchilemba mwatsatanetsatane kuti ena asachibwereze.

Mmodzi mwa oteteza kumbuyo, yemwe sanayezedwe, anaona anzake awiri akumwa mapiritsi n'kuganiza kuti akutsalira. Wachibale wake anamugulira makapisozi pa sitolo ina ya mankhwala, popanda pepala la dokotala. Anandionetsa paketi monyadira: 50,000 IU. Ankamwa kamodzi tsiku lililonse kwa sabata yathunthu ndi masiku angapo. Makapisozi a mlingo umenewu madokotala amawapereka kamodzi pa sabata, kwa masabata owerengeka, kwa munthu amene wapezeka wosowa. Malire omwe munthu wamkulu sayenera kupitirira tsiku ndi tsiku popanda dokotala ndi 4,000 IU. Iye ankamwa kuposa kakhumi ndi kawiri.

Vitamini D wochuluka satuluka ndi mkodzo ngati vitamini C. Amasungidwa m'mafuta a m'thupi, ndipo akachulukitsa amakweza kasiyamu m'magazi: nseru, ludzu, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, mpaka miyala mu impso ndi kuwonongeka kwa impsozo. Ndinamuuza kuti, "Asisi, lekani lero lomwe, mawa tipitire limodzi ku chipatala." Anamuyeza kasiyamu, anapezeka ali bwino, ndipo anamuuza kuti asamwenso, azimwa madzi ambiri, abwerenso akamva chachilendo. Mayesowo analipira yekha.

Lamulo latsopano m'timu: piritsi lililonse lomwe munthu akumwa chifukwa cha masewera lionetsedwe kwa mlamu kaye. Dzuwa lilibe vuto limeneli, chifukwa khungu likapanga wokwanira limaleka lokha.

Mlamu anawonjezera kuti amene amamwa mankhwala a khunyu, a TB, kapena ma ARV ena monga efavirenz, vitamini D wawo amatha kutsika chifukwa cha mankhwalawo. Ananena pagulu kuti aliyense amene zikumukhudza akauze achipatala omwe amamupatsa mankhwalawo, osati kochi, ndipo asasiye mankhwala ake.

26 Julayi

Mtsikana wa m'saluni sanachire msongolo ngakhale wamwa mapiritsi masabata asanu ndi awiri. Ululu wasintha mtundu. Kale unkamveka m'litali mwa fupa n'kutha akafunda thupi. Tsopano uli pamalo amodzi oti akhoza kuloza ndi chala, ndipo umamudzutsa usiku. Atayesa kudumpha ndi mwendo umodzi anakhala pansi pomwepo. X-ray inadya K250. Dokotala anati ndi mng'alu waung'ono wa fupa, wobwera chifukwa chopondaponda mobwerezabwereza fupa lisanapeze mpata wodzikonza, ndipo anatiuza kuti ming'alu yotere m'masabata oyamba nthawi zambiri sioneka pa X-ray. Apume masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, osathamanga, osalumpha. Njinga wamuloleza ngati sakumva kuwawa, ndipo ku Chipata njinga siisowa.

Pa nkhani ya mafupa ndi pomwe umboni wa vitamini D uli wolimba kuposa pa liwiro. Mu 2008 kunasindikizidwa kafukufuku wa akazi oposa 5,000 omwe ankaphunzira usilikali wa panyanja ku America. Theka anapatsidwa kasiyamu 2,000 mg ndi vitamini D 800 IU tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi atatu, ena mapiritsi opanda kanthu. Omwa zenizeni aja ming'alu ya mafupa inachepa ndi 20 peresenti. Taonani kuti anapatsidwa ziwiri pamodzi, ndiponso kuti ming'alu inachepa, sinathe.

Titakhala pansi awiriwiri, mtsikanayu anandiuza zomwe pepala la labu silikanaonetsa. Amadumpha nkhomaliro pofuna kuchepetsa thupi komanso kusunga ndalama, ndipo kumwezi wakhala akupita modumphadumpha chaka chino. Thupi la mkazi likamachita masewera olimba pa chakudya chochepa, msambo umasokonekera ndipo mafupa amayamba kuonda. Ndinamuperekeza kukanena zimenezi kwa dokotala yemweyo. Nsapato zake nazo ndi za kusalaula, zoti pansi pake panatha kale moti ndinazipinda ndi dzanja limodzi ngati chikopa chonyowa.

Bwalo la simenti nalo lili ndi mlandu. Tapempha malo a udzu pafupi ndi tchalitchi china, kulipira mnyamata K150 kuti atchetche ndi kuchotsa miyala, ndi laimu wa K60 wolembera mizere. Zolumpha ndi zothamanga zonse tsopano zizichitikira pa udzu. Simenti yatsalira kuponya ndi masewera enieni, kawiri pa sabata basi.

16 Ogasiti

Tabwereza mayeso pakhoma lomwe lija, nthawi yomweyo ya tsiku, nsapato zomwezo.

Telala walumpha masentimita 4 kuposa mu Meyi, ndipo pabenchi wachoka kumapeto kufika pakati pa gulu. Akuti kupweteka kwa m'chiuno ndi m'ntchafu podzuka pa makina kunayamba kuchepa cha kumapeto kwa Julayi. Wasintha moonekeratu, ngakhale poteteza sakuchedwanso kutembenuka. Mayi wa tomato kulumpha kwake kuli pomwepo, koma tsopano amamaliza zigawo zonse zinayi za masewera osapempha kutuluka, ndipo kwa iye ndi ayironi amene wagwira ntchito. Ena onse asuntha sentimita imodzi kapena awiri, ena m'mwamba ena pansi, kusiyana komwe munthu angakupeze ngakhale atalumpha Lolemba ndi Lachiwiri. Woteteza uja amene anamwa 50,000 IU sanawonjezere ngakhale sentimita imodzi.

Izi zikugwirizana ndi zomwe ofufuza a ku Liverpool anapeza mu 2013. M'kafukufuku wina, osewera omwe ambiri anali ochepekedwa vitamini D m'nyengo yozizira ya kwawo anapatsidwa 5,000 IU pa tsiku kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo liwiro la mamita 10 ndi kulumpha zinakwera. Koma m'kafukufuku wachiwiri wa ofufuza omwewo, omwe anapatsidwa 20,000 kapena 40,000 IU pa sabata kwa masabata 12 vitamini D wawo m'magazi anakwera ndithu, pomwe mphamvu ndi liwiro sizinasinthe. Maganizo anga, nditaona timu yangayi, ndi akuti vitamini D amabwezera munthu wosowa mphamvu zomwe kusowako kunamulanda. Amene ali naye wokwanira sapindula kanthu powonjezera, ndipo ndalama yakeyo ikanagula nsapato.

Telalayo masentimita ake anayi sindikuwaika pa piritsi lokha. M'miyezi yomweyi wakhala akuothera dzuwa, kudya nkhomaliro yeniyeni kwa amayi ake m'malo mwa mabisiketi a pa makina, ndipo ululu utachepa anayamba kubwera ku masewera mosadumphitsa.

30 Ogasiti

Palibe masewera, ambiri apita ku Kulamba ku Mkaika. Mapiritsi a awiri aja atsala a masiku ochepa.

19 Sepitembala

Tinadikira miyezi itatu tisanayezenso, chifukwa mlingo wa 25(OH)D umakwera pang'onopang'ono ndipo kuyeza msanga n'kutaya K700. Awiri okha ndiwo abwereza, K1,400. Telala wachoka pa 11 kufika pa 26 ng/mL, kutanthauza 65 nmol/L. Wa m'saluni wachoka pa 17 kufika pa 24, kutanthauza 60. A clinical officer ati wa m'saluni asiye mapiritsi, apitirize dzuwa ndi chakudya. Telala atsike pa 1,000 IU, poti masiku a maoda ambiri a mayunifomu sapeza mpata wopita kunyumba masana.

Ndalama zonse zafika pafupifupi K5,700. Mwa zimenezi K3,500 yapita ku labu, K660 mapiritsi, K250 X-ray, K210 bwalo la udzu, K65 tepi ndi choko, ndipo mazira adya cha m'ma K1,000. Kwa timu yopanda wothandiza, dongosolo lomwe ndingalangize ndi ili: yambani ndi mayeso a magazi ndi malungo ku kiliniki kwa onse, funsani aliyense chomwe wadya asanabwere pabwalo, yang'anani nsapato ndi pomwe mukulumphira, tulutsani anthu padzuwa la masana. K700 ya labu isungireni amene ali ndi ululu wa mafupa, kufooka kwa ntchafu, kapena amene dzuwa silimukhudza n'komwe.

Wa m'saluni wayamba kuyenda mothamanga pa udzu, mphindi khumi tsiku lina, tsiku lina kupuma, ndipo kulumpha adikira mpaka dokotala amuonenso kumapeto kwa mwezi. Timu yamusonkhera K300 yowonjezera pa nsapato zatsopano.

Kutentha kwayamba, ndipo mu Okutobala dzuwa la 12 koloko lidzakhala paliwombo penipeni. Tafupikitsa nthawi yoothera kufika mphindi 15, cha m'ma 10 koloko kwa amene angathe, ndi botolo la madzi m'manja. Anayi a magazi otsika aja abwerera ku kiliniki sabata yamawa kukayezetsanso, pamodzi ndi awiri omwe abwana awo anawakaniza mu Meyi, poti tsopano ndalankhula ndi abwanawo ndipo avomera kuwamasula Lachitatu m'mawa.